Chaka ndi Tsiku Limodzi

New Orleans, 11 Juni 2000

Wokondedwa mkazi wanga Suyapa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa mwana wathu Dilcia ndi wa amayi. Ine kuno ndili bwino, kungoti kutentha kwayamba msanga chaka chino. Munthu umasamba m'mawa, usanamange nsapato thukuta layamba kale kuyenderera.

Ndatumiza madola 150. Makumi asanu ugulire Dilcia nsapato ndi yunifolomu, otsalawo upatse amisiri ayambe kumanga chiliza cha Nery pambali pa atate. Simenti asagule pa sitolo ya pamphambano, ndi yogonera, imauma ikadali m'thumba.

Amayi akufunsabe kuti mng'ono wanga Nery abwera liti ku Honduras. Uwakhazike pansi uwafotokozere bwinobwino, chifukwa ine ndikamawauza pa lamya amangolira osamva. Uwauze kuti kuno akufa sakwiriridwa pansi, ukakumba pang'ono wapeza madzi. Amawamangira timanyumba ta njerwa, banja lililonse kake. Nery atagwa pa nsanja chaka chatha, a kampani ya maliro anatchula madola zikwi zisanu kuti mtembo ukwere ndege, ine ndilibe ngakhale mazana asanu. Bwana Alcide Fontenette, madala amene ndimawagwirira ntchito ya pulasitala, ndi amene anati timugoneke m'kanyumba ka banja lawo. Mwambo wa kuno ndi wakuti kanyumba kakatsekedwa sikatsegulidwanso mpaka papite chaka ndi tsiku limodzi. Tinatseka pa 9 Okutobala, ndiye pa 10 Okutobala chaka chino tingathe kutsegula. Mafupa okha m'kabokosi sadula kutumiza. Pa 2 Novembala, tsiku la akufa, amayi adzayatsa kandulo pa manda a mwana wawo kumudzi. Uwauze kuti ndalumbira.

Mwezi uno tikukonza timanyumba m'manda akale, momwe muli Nery momwemo. Alendo odzaona malo amabwera magulumagulu, zipewa kumutu, makamera pamimba, aliyense atalipira madola khumi kuti aone pomwe anzawo agona. Pali mayi wina wowaperekeza, dzina lake Darlene, pakamwa ngati wailesi. Dzulo anaima pa kanyumba ka madala n'kuwauza kuti m'katimo mwagona mkulu wa asilikali wa ku France amene anafa ndi chikondi.

Ine ndinati, "Darlene, bodza ilo. M'menemo muli amisiri okhaokha, ndi mng'ono wanga."

Iye anati, "Iwe Orlin, paka laimu wako uko usandiwonongere malonda. Ndani angalipire madola khumi kuti amve za wapulasitala?"

Ndinaseka naye, koma zinandiwawa.

Madala aonda. Lolemba anandiitanira nyemba ndi mpunga monga mwa masiku onse, koma iwo sanadye. Nditatchula za Okutobala anangoyang'ana m'mbale. Mwina ndi kutenthaku.

Ndine mwamuna wako,
Orlin

New Orleans, 16 Julaye 2000

Suyapa wanga,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Dilcia chatha. Ine ndili bwino m'thupi. Tulo ndiye tavuta.

Iyi uwerenge wekha, usawawerengere amayi.

Lachinayi tinatsegula kanyumba ka banja lina chifukwa Lachisanu kunali maliro. Kanali koyamba ine kuona m'kati mwa kanyumba kakale katatsegulidwa. Tsiku la Nery lija maso anali odzaza misozi, sindinaone kanthu. Ndinkaganiza kuti aliyense ali ndi shelefu yake. Ayi ndithu. Nditachotsa njerwa tinakoka bokosi lofumbwa, ndipo za munthuyo panangotsala mafupa, kutentha kwa m'menemo kunamaliza zina zonse. Kenako madala anatenga thabwa lalitali n'kukankhira mafupawo kumbuyo. Kumbuyoko kuli mpata, pansi pake pali dzenje. Ndinawamva akugwera pa mafupa ena.

Ndinafunsa kuti, "Madala, m'dzenjemo muli anthu angati?"

"Banja ili? Makumi atatu, kapena kuposa. Anayamba nthawi ya mliri wa chikasu, agogo anga asanabadwe."

"Nanga mumadziwa bwanji kuti uyu ndi uje?"

"Tidziwirenji? Kodi akupita kuti?"

Ndinadikira timalize, kenako ndinati, "Koma Nery sitidzamukankha choncho. Tidzamutola bwinobwino, apite kwa amayi ake."

Anaika chipande chomangira pansi. "Mwana wanga, ine sindinamubwereke bedi ngati ku resitihausi. Ndinamupatsa nyumba. M'menemo muli atate anga, mayi anga ndi mkazi wanga Celestine. Abale anga enieni andipemphapo malo, ndawakaniza. Wolowa m'menemo ndi wa kwa Fontenette, ndipo wa kwa Fontenette satuluka."

"Ali ndi amayi ake, madala."

"Akhala nawo awiri."

Suyapa, miyezi isanu ndi inayi yonseyi ine ndimaganiza kuti ndabwereka malo, iwo amaganiza kuti alandira mwana. Palibe ananamiza mnzake. Tsiku lija ndinangoona kuti mng'ono wanga wapeza pogona, sindinafunse za mawa. Walira mvula walira matope.

Amisiri apitirize kumanga chiliza. Ndatumiza madola 100, nkhuku zija usagulitse, zidzafunika pa mapemphero a Novembala. Nkhaniyi ndiikonza.

Wako,
Orlin

New Orleans, 20 Ogasiti 2000

Amake Dilcia,

Moni kwa nonse. Ndamva kuti amayi miyendo yatupanso, uwaletse kupita kumanda tsiku lililonse kukalondera amisiri. Ine ndili bwino, chala chomwe ndinadzipweteka ndi njerwa chapola.

Ndinapita ku ofesi ya kazembe wathu. Ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka masana kuti andiuze chinthu chimodzi: popanda siginecha ya mwini kanyumba palibe fupa lingatuluke. Pepalalo ndili nalo m'thumba, ndayenda nalo masabata atatu, layamba kufewa ndi thukuta. Ndikalitulutsa madala amayamba nkhani zina. Amandiuza za mzinda uno momwe unapsera kawiri, za Afalansa ndi Asipanishi amene ankapatsirana ngati mbuzi ya pa msika, za agogo awo amene anapaka pulasitala m'nyumba zazikulu zomwe alendo amajambula lero, koma iwo ankalowera khomo la kuseri. Nkhani zabwino, koma pepala osasainidwa.

Tsopano sakubweranso ku ntchito. Mwana wawo wamkazi, Odile, wabwera kudzawasamala. Ndi mayi wachilungamo, sabisa mawu. Anandiperekeza pa khonde n'kundiuza kuti adokotala awapatsa miyezi iwiri, mwina osakwana.

Anati, "Orlin, ukudziwa chomwe chikuwasowetsa mtendere? Akafa pa 10 Okutobala pasanafike, kanyumba sitingatsegule. Tikawaika ku khoma."

Khomalo ndi lomwe lazungulira manda. Lili ndi mapanga mizeremizere, anthu amawatchula kuti mauvuni, ndipo amachita kubwereka. Mumagona osauka ndi amene afa nthawi yolakwika. Darlene amaimika alendo ake pomwepo kuti ajambule, ena amagogoda n'kumaseka. Madala akonza timanyumba ta anthu zaka makumi asanu, lero akhoza kukagona m'phanga lobwereka pakati pa anthu osawadziwa, chifukwa bedi lawo anapatsa mng'ono wanga.

Ndinafunsa Odile kuti, "Nanga akafika tsikulo ali moyo?"

Anati, "Ndiye kanyumbako ndi kawo, achita zomwe akufuna. Akapita msanga, mwini ndikhala ine, ndipo ndidzakusainira tsiku lomwelo."

Wamva, Suyapa? Lamulungu ndinagwada m'tchalitchi osadziwa choti ndipemphe. Ndinachita manyazi ndi zomwe zinabwera m'mutu mwanga, sindingazilembe pano.

Mwezi uno ndatumiza madola 80 okha, ntchito yachepa poti madala ali gone. Dilcia umuuze kuti chidole chake sindinaiwale.

Orlin

New Orleans, 17 Sepitembala 2000

Wokondedwa Suyapa,

Ndikhulupirira kuti nonse mwadzuka bwino. Zikomo pa chithunzi cha chiliza, amisiri agwira ntchito yooneka. Mtanda wapendekeka pang'ono, koma usawauze, angakhumudwe. Ine moyo ulipo.

Kuno mvula yagwa masiku anayi osalekeza. Misewu ya m'manda yasanduka ngalande, alendo akuyenda atavala mapulasitiki, akulipirabe madola khumi awo. Madzulo ena ndinaima m'munsi mwa mtumbira wotchinga madzi a mtsinje, ndipo sitima yaikulu inadutsa pamwamba pa mutu wanga. Nthawi yonseyi ndimaiona osalabadira, koma tsiku limenelo ndinakumbukira madzi a namondwe wa Mitch momwe analowera m'munda mwathu. Sindikudziwa kuti m'maenje a timanyumba muja madzi afika pati.

Lolemba ndinakawaona madala. Atsala mafupa okhaokha, supuni akuchita kuwagwirira. Pa khoma pafupi ndi bedi pali kalendala, ndipo tsiku lililonse amalidula ndi pensulo ya ukalipentala. Pa 10 Okutobala azunguliza. Ine m'chipinda changa ndili ndi kalendala ngati yomweyo, ndazungulizanso pomwepo.

Anaona kuti ndikuyang'ana. Anati, "Masiku makumi awiri ndi asanu ndi anayi. Usaope, sindifa. Ndakana."

Anauza Odile kuti akaphike khofi, kenako anandikodola kuti ndiyandikire.

"Chingwe cha nsanja ija ndinamanga ndine. Ukudziwa, eti?"

Ndinati ndikudziwa. Ndakhala ndikudziwa, Suyapa, kungoti sindinakuuzepo, ndipo amayi asamve.

"Zaka makumi asanu ndikumanga mfundo imeneyo, sinamasukepo. Tsiku limenelo zala izi zinandinamiza. Mwanayo ndinamugwetsa ndine. Ndiye ndimusiye apite yekhayekha m'kabokosi ngati katundu? Ndikufuna ndikamupeze pansipo, ndikamupepese bwinobwino, tili phee, popanda wothamangira kwina. Ukamutenga iwe, ine ndikapepesa kwa ndani?"

Ndinati, "Nanga amayi anga akalira pa chiyani, madala? Pa simenti?"

Anatseka maso ngati agona, koma dzanja linali litagwirabe pensulo ija.

Ndimawakonda madalawa, Suyapa, ndiye vuto lake. Anandiphunzitsa ntchito, anandidyetsa, sanandifunsepo za mapepala anga. Koma mayi ndi mayi. Pepala lija ndalisiya kwa Odile.

Ugule makandulo tsopano asanakwere mtengo.

Wako nthawi zonse,
Orlin

New Orleans, 8 Okutobala 2000

Suyapa,

Moni, moni kwa Dilcia ndi amayi. Lero ndikulemba mtima uli m'malo, ndipo iyi ukhoza kuwawerengera amayi ndime yotsatirayi yokha.

Madala asaina! Odile anawapatsa pepala Lachisanu m'mawa atamwa mankhwala, ndipo anasaina osatsutsa ngakhale liwu limodzi. Ofesi ya kazembe yadinda. Munthu wa kampani ya maliro abwera kumanda Lachiwiri nthawi ya 10 koloko kudzachitira umboni ndi kumata kabokosi. Kabokosiko ndakhoma ndekha ndi matabwa abwino, m'kati ndayalamo malaya oyera a Nery aja. Amayi ayambe kuitana anthu a mapemphero, ndipo masamba a nthochi okulungira matamale, mikate yathu ya chimanga ija, awasunge.

Kuyambira apa werenga wekha. Dzulo ndinapita kukathokoza. Ndinawapeza atakhala tsonga pa bedi, ndevu atameta, maso owala ngati munthu amene wachira. Ndinagwada n'kuwagwira dzanja. Iwo anangofunsa kuti munthu wa kampaniyo abwera nthawi yanji. Nditawauza, anafunsanso ngati thabwa lalitali lija likadali kuseri kwa kanyumba ka zida. Ndinati lilipo. Anati, "Chabwino, mwana wanga. Ukagone, watopa."

Potuluka ndinaona kuti pa msomali wa kukhomo palibe kiyi wawo wa geti la kumanda, amene wakhala pamenepo chiyambire ine kulowa m'nyumba imeneyo. Odile akuti mwina anagwera kuseri kwa kabati. Munthu woti sangathe kunyamula supuni, ndikuopa chiyani? Komabe Lachiwiri ndilawirira.

Orlin

New Orleans, 12 Okutobala 2000

Suyapa,

Ndili moyo, sindikudwala. Ndikhulupirira inunso muli bwino.

Madala amwalira dzulo masana. Maliro ndi Loweruka.

Amayi usawauze kanthu. Akafunsa, uti mapepala achedwa. Ndilemba ndikatha kugwira cholembera bwinobwino.

O.

New Orleans, 22 Okutobala 2000

Mkazi wanga,

Ndakupatsa moni, ndipo ndikupempha Mulungu kuti kalatayi ikupeze uli wekha. Ine ndili bwino, ndayambanso kudya. Ukatha kuwerenga uitenthe.

Lachiwiri lija ndinafika kumanda dzuwa litangotuluka, kabokosi kali m'khwapa. Geti ndinalipeza losakhoma. Ndinathamanga, Suyapa, koma ndikuthamanga ndinkadziwa kale.

Madala anali atakhala pa ndowa yovundikira, atavala suti yawo yoyera, manja ali fumbi lokhalokha. Anabwera pa takisi m'bandakucha Odile akadali m'tulo. Njerwa anali atachotsa n'kuzisanja bwinobwino monga anandiphunzitsira ine. Shelefu inali yosesedwa. Thabwa linali litatsamira khoma, kunsonga kwake kuli konyowa.

Anati, "Wafika bwino. Amulandira."

Ndinafuula kuti, "Mwachita chiyani, madala? Munasaina!"

"Ndinasaina, ndipo sindinakunamize. Pepala likuti umutenge. Mutenge. Ngati ungamudziwe, mutenge."

Sanangomukankha. Analowetsa thabwa m'dzenjemo n'kutakasa, monga ankachitira atate awo, kuti watsopano asagone pamwamba ngati mlendo. Mphamvu zimenezo anazitenga kuti, sindikudziwa. M'dzanja langa munali chipande, ndipo Mulungu yekha akudziwa chomwe chinaligwira dzanjalo. Anayesa kuimirira, anagwa, ndipo ndine ndinawanyamula kupita nawo ku msewu. Anali opepuka ngati Dilcia. Ali m'manja mwanga anandinong'oneza kuti, "Ndafika, waona? Ku khoma sindipita."

Ndinawada tsiku limenelo. Mawa lake atamwalira ndinawalira. Zonse ziwiri ndi zoona.

Odile analira ndi manyazi. Anauza wa kampani kuti abwerenso Lachisanu, ndipo anandilola kutsegula mwala wa m'munsi. Ndinakwawira m'dzenjemo ndi tochi. Madzi a mvula ija anali akadalimo, ofika m'chigongono, ndipo mafupa onse anali amtundu umodzi, ofiirira ndi matope. Ukukumbukira kuti Nery anathyoka mkono ali mwana, atagwa mu mtengo wa mango kuseri kwa sukulu? Ndinati ndifufuze fupa la mkono lokhala ndi chibowo pomwe linalumikizana. Ndinafufuza maola awiri. Ndinapeza atatu. Banja lonselo ndi la anthu okwera nsanja, Suyapa, onse anagwapo.

Wa kampani anali akuyang'ana wotchi panja. Ndinaganiza za amayi ndi miyendo yawo yotupa, za chiliza, za nkhuku, za lumbiro langa. Ndinatola zomwe dzanja langa linafika, ndinazitsuka, ndinazikulunga m'malaya a Nery. Wa kampani anandifunsa ngati ndi iyeyo. Ndinati inde. Anamata kabokosi n'kudinda.

Loweruka tinawaperekeza madala ndi gulu la malipenga, popita nyimbo zachisoni, pobwera zovina, monga achitira kuno. Alendo anatilondola ndi makamera awo. Darlene anawaletsa pa geti, n'kubwera yekha kudzaima kumbuyo osalankhula. Njerwa zotsekera ndinamanga ndine. Pa mwala wa kutsogolo ndinapeza dzina la Nery litazokotedwa kale, pansi pa la Celestine. Odile akuti madala anazokotetsa mu Julaye n'kuuza mmisiri kuti asunge mwalawo mpaka tsikulo.

Kabokosi kadzafika pa bwalo la ndege la San Pedro Sula pa 27. Mapepala onse akuti Nery Bardales. Ukakalandire ndi mlongo wako. Amayi akafuna kutsegula, uwauze kuti lamulo silikulola, ndipo zimenezo si bodza. Uwalole akakumbatire, alire mpaka akhute. Akadzafunsa ngati ndinamuona ndi maso anga, uti Orlin anamutola ndi manja ake.

Kuno pa 1 Novembala mabanja amapaka laimu timanyumba tawo n'kuikapo maluwa. Odile wandipempha kuti ndikapake ine. Ndikapaka. Mng'ono wanga ali momwemo, ndipo tsopano sangatulukenso.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Pa 2 Novembala amayi akamayatsa kandulo yawo pa chiliza, iwe uyatse ina pambali pake. Akafunsa, ungoti ndi ya mlendo. Sindikudziwa ngati ndakutumizirani Celestine, kapena atate a madala, kapena wina wa nthawi ya mliri. Koma akuchokera kutali, sadziwa munthu aliyense kumeneko, ndipo anthu akwawo anamulandira mwana wathu. Musamugoneke mumdima.

Ndine mwamuna wako,
Orlin